Tabuleti ya Ntchito Imodzi Kapena ya Ntchito Zonse? Funso Lafika ku Milepa

Kwa zaka zambiri, munthu wa ku Milepa m'boma la Chiradzulu akamva mau akuti tabuleti ankadziwa kuti akunena mankhwala omwera madzi. Zimenezi nzosadabwitsa, pakuti Chiradzulu ndilo limodzi mwa maboma oyamba m'dziko muno kumene anthu analandira mwaulere mankhwala otalikitsa moyo, pamene a bungwe la Médecins Sans Frontières anayamba kuwapereka pa chipatala chachikulu cha bomalo m'chaka cha 2001, nafikitsa ntchitoyo pambuyo pake ku zipatala zazing'ono monga cha Milepa. Koma masiku ano mau omwewo atenga tanthauzo lachiwiri. Mwana wa Sitandade 2 akati afuna tabuleti, si kuti mutu ukumpweteka ai; iye akunena kachipangizo konga sileti, ka nkhope ya galasi, kamene kamamvera munthu akangokakhudza ndi chala.

Tsono nkhaniyi siili ya ana okha, popeza wotulutsa ndalama ndiye kholo. Nandolo akagulidwa pa mtengo wabwino, kapena mbale amene ali ku Joni akafunsa chimene angatumizire ana, nkosavuta kuti kholo liganize za tabuleti, chifukwa lamva kuti Boma likupereka zotere m'masukulu ndipo silifuna kuti mwana wake atsalire anzake. Apa mpamene pagona msampha. Zipangizo zotchedwa dzina limodzili zili za mitundu iwiri, zofanana nkhope monga mapasa koma zosiyana ntchito, ndipo munthu wosazisiyanitsa akhoza kutaya thukuta la chaka chathunthu pa chinthu chimene sichidzachita zimene iye anayembekeza.

Mtundu woyamba ndiwo tabuleti ya ntchito imodzi. Opanga ake anaikamo pulogalamu imodzi yokha natseka chitseko, kotero kuti munthu akaiyatsa imayamba pomwepo ntchito imene inapangidwira, ndipo ngakhale aikhudze motani sangathe kuipatutsa njira. Mtundu wachiwiri ndiwo kompyuta yeniyeni imene angoichotsa mabatani olembera. Mwini wake akhoza kuikamo mapulogalamu amene afuna, kulowa pa intaneti, kutumiza makalata, kujambula zithunzi, kuonera kanema, ndi zina zosawerengeka. Zimene zimagulitsidwa m'masitolo a ku Limbe ndi ku Blantyre nza mtundu wachiwiriwu. Zimene Boma linasankhira ana a sukulu nza mtundu woyamba. Pomva koyamba munthu angayese kuti ana anapatsidwa chinthu chochepa nzeru pofuna kusunga ndalama. Mbiri ya nkhaniyi ikusonyeza zina.

Galasi Lomva Chala

Nzeru ya galasi lomva chala si ya dzulo ai. M'chaka cha 1965, Mngelezi wina dzina lake E. A. Johnson, amene ankagwira ntchito ku Malvern, anafotokoza m'mene galasi lingazindikirire pamene lakhudzidwa, pofuna kuthandiza anthu olongosola maulendo a ndege. Chinsinsi chake nchakuti thupi la munthu limayendetsa magetsi, ndipo chala chikayandikira galasilo chimasintha mphamvu yochepa kwambiri ya magetsi imene ili pansi pake. Makina amawerenga pamene pasinthapo nadziwa chimene munthuyo walozera. Nchifukwa chake tabuleti za masiku ano sizimvera kamtengo kouma, ndipo zimasokonezeka munthu akazigwira ndi manja onyowa.

Kampani ya Microsoft inayesa kugulitsa makompyuta olembapo ndi cholembera chapadera m'chaka cha 2002, koma anali olemera ndiponso okwera mtengo, ndipo anthu wamba sanawakonde. Zinthu zinatembenuka m'chaka cha 2010 pamene kampani ya Apple inatulutsa iPad, nitsatiridwa ndi Samsung ndi makampani ena ambiri ogwiritsa ntchito Android. Koma chodabwitsa nchakuti pamene iPad inkabadwa, anamwino ndi makalaliki a m'zipatala za muno anali atazolowera kale kukhudza galasi kwa zaka zingapo.

Phunziro la m'Chipatala

M'chaka cha 2001, Gerry Douglas ndi anzake, amene ntchito yao inadzadziwika ndi dzina la Baobab Health Trust, anafuna njira yosungira mbiri za odwala pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene tsopano chimatchedwa Kamuzu Central Hospital. Makompyuta wamba sanali oyenera ntchitoyo. Fumbi linkawalowa, magetsi akazima ankazima nao, ndipo wantchito amene sanagwirepo kompyuta ankataya nthawi kufunafuna zilembo pamene mzere wa odwala unali kutalika panja. Chotero iwo anatenga timakina totchedwa I-Opener, timene tinapangidwa ku America kuti anthu azilowera pa intaneti m'nyumba zao koma malonda ake sanayende, nativeka galasi lomva chala, naikamo pulogalamu imodzi yokha. Pa galasipo pankabwera funso limodzi pa nthawi imodzi, ndi mabatani aakulu oyankhira, ndipo pomaliza kamakina kena kankasindikiza kapepala komata m'kabuku ka wodwala. Timakinato tinkadya magetsi ochepa, kotero kuti mabatire ankatha kutiyendetsa ngakhale a ESCOM atazimitsa. M'chaka cha 2006 njira yomweyi inayamba kugwira ntchito pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre posunga mbiri za olandira mankhwala otalikitsa moyo, ndipo kuchokera pamenepo inafalikira m'zipatala zambiri.

Phunziro lake linali lakuti chipangizo chosatha kuchita zambiri sichitha kulakwitsanso zambiri. Palibe amene ankaikamo nyimbo kapena masewera, palibe amene ankalowetsamo mavairasi, ndiponso wakuba analibe nacho chochita, popeza kunja kwa chipatala chinali ngati kiyi wopanda loko wake.

Kuchokera ku Biwi Kufika m'Dziko Lonse

Ku mbali ya maphunziro, vuto linali lodziwika kwa aliyense. Pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupi ndi 3 miliyoni, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mphunzitsi wa makalasi oyambirira wakhala akuimirira pamaso pa khamu limene munthu mmodzi sangathe kulidziwa mwana ndi mwana. Wofulumira amatopa kudikira, wochedwa amasiyidwa panjira, ndipo ena amafika Sitandade 4 asanathe kuwerenga chiganizo chimodzi.

M'chaka cha 2013 panachitika kafukufuku pa sukulu ya Biwi mu mzinda wa Lilongwe, amene anatsogolera ndi Nicola Pitchford wa ku Yunivesite ya Nottingham. Ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3 anagawidwa m'magulu, ndipo kwa masabata 8 ena ankaphunzira masamu kwa nthawi yofanana ndi mphindi 30 pa tsiku pa iPad yokhala ndi pulogalamu ya Chichewa yotchedwa Masamu, imene inakonzedwa ndi anthu amene anayambitsa bungwe la onebillion ku London. Ena anapitiriza maphunziro ao a nthawi zonse. Koma gulu limene kholo la ku Milepa liyenera kulisamala kwambiri ndilo lachitatu: ana amene anapatsidwa iPad yomweyo, ya mtengo womwewo, koma yopanda maphunziro a masamuwo. Potsiriza kunapezeka kuti ana a Sitandade 2 ndi 3 amene anali ndi pulogalamu ya masamu anapambana magulu awiri onsewo. Galasi palokha silinaphunzitse mwana kuwerengetsa ai. Chimene chinaphunzitsa ndi chimene chinali m'kati mwake, ndi dongosolo la kuchigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Pambuyo pake bungwe la VSO, mogwirizana ndi Unduna wa Maphunziro, linamanga zipinda zophunzirira zokhala ndi sola m'masukulu angapo. M'mwezi wa May 2019, onebillion inagawana mphotho ya Global Learning XPRIZE ndi a Kitkit School, aliyense natenga madola 5 miliyoni, atayesa mapulogalamu ao kwa miyezi 15 pakati pa ana a m'midzi ya ku Tanzania. Komatu iPad ndi katundu wa mtengo wapatali, ndipo nzeru zake zambiri mwana wa zaka 7 alibe nazo ntchito. Kuigulira dziko lonse kukadakhala ngati kugula lole kuti izinyamula mtolo umodzi wa nkhuni. Chotero onebillion inakonza tabuleti yakeyake yotchedwa onetab, yolimba, yovala chotetezera, imene ili ndi maphunziro a kuwerenga, kulemba ndi masamu basi. Siifuna intaneti. Mwana akavala zomvera m'makutu, mphunzitsi wojambulidwa dzina lake Alefa amamlankhula m'Chichewa, namsonyeza chochita, namuuza pomwepo ngati wakhoza kapena walakwa, ndipo mwanayo amayenda pa liwiro lake osati la kalasi lonse.

Imeneyi ndiyo tabuleti imene Boma, pamodzi ndi mabungwe a Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion, linasankha pa ntchito yotchedwa BEFIT, imene inayamba m'masukulu 500 m'chaka cha 2023. Cholinga chimene chinalengezedwa nchakuti pofika 2029 ntchitoyi ifike m'masukulu onse a Boma a pulayimale, amene ali pafupifupi 6,000, ndi kwa ana okwana 3.8 miliyoni a Sitandade 1 mpaka 4. Ndiye kuti masukulu a ku Milepa ali m'chiwerengero chomwecho. Tabuleti sizikhala za mwana mmodzi kapena zopita nazo kunyumba: zimasungidwa pasukulu m'malo okhomedwa, zimatchajidwa ndi sola, ndipo makalasi amasinthana nazo, kotero kuti imodzi imatumikira ana angapo tsiku limodzi.

Amene Anayenda Njira Inayo

Maiko ena anasankha kupereka makina otha zonse, ndipo nkhani zao nzoyenera kuzimva. M'chaka cha 2005 Nicholas Negroponte wa ku America analengeza za laputopu yotsika mtengo ya mwana aliyense, ndipo dziko la Peru linagula zoposa 800,000. Koma akatswiri a Inter-American Development Bank atafufuza, analengeza m'chaka cha 2012 kuti ngakhale ana anaphunzira kugwiritsa ntchito makinawo, m'masamu ndi m'chilankhulo sanapose anzao amene analibe. Ku Kenya kunalonjezedwa malaputopu a ana a kalasi loyamba m'chaka cha 2013. Mtengo utavuta, anasintha nayamba kugawa matabuleti m'chaka cha 2016, oposa miliyoni imodzi, koma ambiri anagona m'makabati chifukwa chosowa magetsi ndi aphunzitsi ozolowera ntchitoyo, ndipo m'chaka cha 2019 Boma la kumeneko linati ndi bwino kumanga zipinda za makompyuta. Akulu akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Nkhani ya magetsi njosafunika kuifotokozera munthu wa ku Chiradzulu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko lonse nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse ndizo zinali kuunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chochepa koposa. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira m'mwezi wa January 2022, dziko linataya mphamvu ya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo m'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anakokolola midzi, milatho ndi mapolo m'boma lomweli. Chipangizo chodalira waya wa ESCOM ndi netiweki yabwino chimakhala ndi masiku ambiri opumula kuposa mwini wake.

Nanga Akulu?

Izi sizikutanthauza kuti tabuleti ya ntchito zonse njachabe. Alipo anthu pa Milepa amene tabuleti yotsekedwa singawathandize ngakhale pang'ono: mphunzitsi amene akupitiriza maphunziro ake ali pantchito, mlembi wa gulu la alimi a ng'ombe za mkaka kapena wa banki m'khonde, wophunzira wa Fomu 4 amene ali ndi mabuku ambiri osungidwa m'makina koma maso amatopa ndi kagalasi ka foni. Boma lomwe limagwiritsa ntchito mtundu umenewu pamene pali pofunika. Pa kalembera wa 2018 uja, a ofesi ya National Statistical Office ku Zomba anatumiza owerenga anthu ndi matabuleti m'malo mwa mitolo ya mapepala, koyamba m'mbiri ya dziko lino, ndipo patangopita miyezi yochepa kunadziwika kuti Malawi ali ndi anthu 17.5 miliyoni, mwa iwo oposa 350,000 a m'Chiradzulu. Koma ngakhale pamenepo, ntchito inali itadziwika kale chipangizo chisanagulidwe.

Funso loyamba la wamkulu wofuna kugula likhale lakuti kodi tabuletiyo idzachita chiyani chimene foni yake siingathe. Kutumiza ndalama pa Mpamba kapena pa Airtel Money kumatheka ngakhale pa kafoni ka mabatani. Kulankhulana ndi abale pa WhatsApp kumatheka pa foni ya galasi, imenenso imalowa m'thumba. Ubwino wa tabuleti uli pa kukula kwa nkhope yake, powerenga mabuku, poona mizere ya ziwerengero, ndi posonyeza anthu angapo chinthu chimodzi. Koma munthu amene ntchito yake ndi kulemba masamba ambiri adzapeza kuti kugogoda galasi ndi zala ziwiri nkotopetsa, ndipo iye afunika laputopu, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, kapena mabatani ogula padera.

Akatsimikiza kuti tabuleti ndiyo ikufunika, asaiwale kuyang'ana ngati ili ndi polowetsa SIM khadi. Zambiri zotsika mtengo, ndi zambiri zimene abale amatumiza kuchokera kunja, zimadalira Wi-Fi yekha, chinthu chimene m'nyumba za kumudzi mulibe. Tabuleti yotere ikafika ku Milepa imakhala ngati wailesi yopanda mlongoti. Afunsenso za msinkhu wake, pakuti yakale kwambiri imafika pokana mapulogalamu atsopano, ndipo batire yake imakhala itatopa kale. Koposa zonse afunse kwa okonza mafoni a ku Limbe ngati galasi la mtundu umenewo limapezeka, chifukwa galasi ndilo limayamba kufa, ndipo la tabuleti ya dzina losadziwika likasweka, maliro ake amakhala omwewo. Katundu yenseyu amachokera kunja; kwacha itatsika mphamvu ndi magawo 25 pa 100 m'mwezi wa May 2022, nitsikanso ndi magawo 44 m'mwezi wa November 2023, mitengo ya chipangizo ndi ya zokonzera zake inakwera pamodzi. Pamwamba pa izo pali ndalama za mabando a intaneti ndi za kotchajitsa, zimene sizitha ndi tsiku logula.

Kholo ndi Mwana wa Sitandade 2

Pobwerera kwa kholo lija la nandolo, chinthu choyamba kudziwa nchakuti tabuleti ya m'sitolo siidza ndi Alefa m'kati mwake. Imadza yopanda kanthu, kapena ndi masewera ndi makanema a m'Chingerezi, ndipo kuti ikhale sukulu pafunika munthu wodziwa kusankha mapulogalamu, kuwalowetsa, ndi kutseka njira zina zonse. Ntchito imene opanga onetab anaigwira kamodzi kokha m'fakitale, kholo liyenera kuigwira madzulo aliwonse, kawirikawiri molimbana ndi mwana amene amadziwa makinawo kuposa ilo. Pamene palibe mlonda wotere, mwanayo adzakhala ngati a gulu lachitatu la ku Biwi, wogwira galasi la mtengo wapatali koma wosaonjezera masamu; ndipo intaneti yosatsekedwa ili ndi zambiri zimene kholo silingafune kuti mwana wa zaka 8 azione.

Chimene ntchito ya BEFIT ikupempha kwa kholo nchotsika mtengo koma chovuta kuposa kugula: kuti mwana azifika kusukulu tsiku lililonse. Maphunziro a m'tabuletiyo amapindulitsa mwa kuunjikana kwa mphindi zochepa za tsiku ndi tsiku, ndipo mwana amene amajomba pa tsiku la msika kuti akathandize kugulitsa tomato, kapena m'nyengo yopalira, amataya gawo lake lopanda kubwezedwa. Ndalama zimene zikadapita ku Limbe zikhoza kugula nyale ya sola, makope ndi mapensulo, pakuti chala chimene chaphunzira kulondola chilembo pa galasi chiyenera kuchilembanso papepala, ndipo mayeso a Sitandade 8 amalembedwa ndi cholembera.

Nkoyenera kunenanso poyera kuti tabuleti yotsekedwa ili ndi malire ake. Imalekeza pa Sitandade 4. Siiphunzitsa mwana kufufuza nkhani, kulemba kalata pa kompyuta, kapena kusiyanitsa choona ndi chabodza pa intaneti, zinthu zimene adzazifuna akadzakula. Ndipo siimanga chipinda chophunzirira kapena kulowa m'malo mwa mphunzitsi. Mwana amene wazolowera kuti makina amamuuza chochita adzafunika tsiku lina kuphunzira kuwauza makinawo chochita, ndipo pa msinkhu umenewo kompyuta yotsegula idzakhala ndi malo ake m'sekondale.

Palinso nkhani imene makomiti a sukulu ndi mafumu a ku Chiradzulu ayenera kuyamba kuikambirana tsopano. Batire iliyonse imatopa ikatchajidwa kwa zaka zingapo, zomvera m'makutu zimaduka zingwe m'manja mwa ana, ndipo sola ya padenga imakopa maso a akuba ngakhale tabuletiyo isawakope. Ngati ndondomeko iyenda monga inalengezedwera, sukulu yomaliza ikamadzalandira matabuleti ake m'chaka cha 2029, amene anaperekedwa koyamba adzakhala atagwira ntchito zaka 6, ndipo ndalama zogulira ena olowa m'malo mwake zidzafunika m'bajeti ya Unduna pa nthawi yomwe abwenzi othandiza adzakhale akupereka ntchito yonse m'manja mwa Boma.